A Giya Atsika Lole

Lachiwiri, 9 Seputembala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine thupi lili bwino, koma mtima ayi, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa. Mwakhala mukuimba foni ine osayankha. Foniyo sinawonongeke. Ndimaiona ikuwala pa alumali ya matawulo mpaka imatopa yokha. Ndinaopa kuti ndikayankha nditulutsa mawu amene mlongo sayenera kulankhula kwa mchimwene wake wamkulu. N'chifukwa chake ndasankha pepala, poti pa pepala munthu ukhoza kuima, kukamwa madzi, n'kubwereranso. Ndikupemphani chimodzi musanapitirire: kalatayi muwerenge nokha, ndipo musaijambule.

Uthenga wanu womaliza ndinaumvera. Munati chithunzi chija mwachichotsa pa tsamba lanu, ndipo tsopano mukufuna kulemba nkhani ina yoti kampani ya malole ija ichite manyazi pamaso pa anthu. Achimwene, ndagwira mwendo wanu, musalembe. Pali munthu amene ntchito yake yatsala pa ulusi umodzi, ndipo nkhani yanuyo ndiye lumo lake. Madzi akatayika sawoleka, ndipo amene munatayawa si anu, si anganso. Ndi a anthu amene munawaonetsa dziko lonse musanafunse n'komwe kuti ndi ndani. Ndiye khalani pansi ndikuuzeni za iwo.

Mukukumbuka kuti munandipempha zithunzi za kuntchito kwanga. Munati ana akufunsa kuti azakhali awo amagwira ntchito yotani. Ndinakondwa ngati mwana, sindibisa. Zaka zonsezi ndakhala ndikuyang'anira mabafa pano pamene madalaivala a malole amaima kuti apume, ndipo simunafunsepo kuti malowo amaoneka bwanji. Tsiku limenelo ndinakolopa kawiri. Ndinapinda matawulo m'mphepete molingana. Ndinajambula mzere wa zitseko zobiriwira, thanki ya madzi otentha imene imatsokomola ngati munthu wa fodya, ndowa zanga, ngakhale kampando kanga kamene mwendo wake umodzi unamangidwa ndi waya. Ndikuyang'ana zithunzizo ndinadabwa kuti malo anga ndi okongola ndithu. Chithunzi sichinunkha. Mulibe fungo la dizilo, kapena la mphira wa matayala otentha, kapena la masokosi a munthu amene wakhala pa chiwongolero kuyambira dzulo.

Ndinapitanso ku shedi ya matayala. Bambo amene amamata matayala kumeneko, tonse timangowatcha a Matayala, anandiimitsa kaye.

"Dikirani, mayi, ndibweze mimba. Kunja kumeneko asaganize kuti ndinameza chubu."

Anakoka mpweya, ndinajambula, anaubweza. Kenako anandiloza ndi sipanala, kumwetulira kutachoka.

"Jambulani ine, jambulani agalu, jambulani chimbudzi ngati mukufuna. Koma diso la foniyo lisayang'ane ku malole."

Lamulo limeneli silinalembedwe paliponse, koma aliyense wa pano amalidziwa. Lole iliyonse ili ndi mwini wake amene amakhala kutali ndipo amakonda kuona zinthu. Dalaivala pamsewu ndi munthu wa abwana. Akalowa pa geti pathu amakhala munthu wa iye mwini. Amavula nsapato, amayanika kabudula wamkati pa galasi, amagona kukamwa kuli yasa. Pano ndi kuseri kwa nyumba, ndipo kuseri kwa nyumba ya mnzako sujambula. Ndinkadziwa zonsezi. Mbali yanga ya mlanduwu ndikuisenza ndekha tsiku ndi tsiku, simukufunika kundikumbutsa. Kalatayi ndi ya mbali yanu.

Anthu awiri a pa chithunzi chija ndi a Kamba ndi a Giya. A Kamba ndi dalaivala wa lole yoyera ya ngolo yaitali, yonyamula simenti ndi malata. Anzawo anawapatsa dzinali chifukwa safulumira. Amati pokwera phiri ngakhale wa njinga amawapitirira akuimba belu. A Giya ndi bambo awo. Iwonso anali dalaivala moyo wawo wonse, kuyambira nthawi imene malole analibe mabedi, munthu unkagona pansi pa ngolo. Mutu wawo unayamba kutaya zinthu monga unachitira wa bambo athu: lero dzina la mdzukulu, mawa njira ya kuchimbudzi. Chimene sichinatayike ndi dzanja. Akakhala pa mpando uliwonse, dzanja limapita lokha pambali kukasintha magiya oti palibe. Dzina lawo linachokera pamenepo.

A Kamba anaferedwa mkazi kalekale. Alongo awo anayesa kusunga madalawo, koma iwo ankatuluka kukafunafuna lole yawo. Tsiku lina anapezeka pakati pa msewu waukulu akuimika magalimoto. Anayamba kuwatsekera m'chipinda, ndipo ankamenya chitseko mpaka zikhatho kutupa. A Kamba anawatenga ulendo umodzi, kungoti alongo awo apumeko. Anandiuza okha kuti injini itangolira, madala anakhala phee, maso anayera, n'kunena kuti, "Tiye, dzuwa likutisiya." Usiku umenewo anagona tulo toyamba pa miyezi yambiri. Kuyambira pamenepo sanatsikenso.

Tsono kampani imaletsa kunyamula munthu. Amati inshuwalansi siilola. Analemba pa chitseko ndi zilembo zofiira kuti okwera saloledwa. Choncho msewu wonse unasunga chinsinsi. Akayandikira pa sikelo ya malole kapena pa apolisi, a Kamba ankangoti, "Bambo, abwana," ndipo madala ankakwera okha pa kabedi ka kuseri kwa mipando n'kukoka katani. Zimenezo sankaiwala. Akafika pano, mlonda ankawaimika kuseri kwa shedi ya matayala, kumene sikuoneka ukaima kumsewu. Mayi a kukantini ankaziziritsa tiyi asanapereke, n'kuchotsa makoko a buledi. Ine ndinkasunga bafa la kumapeto, la mpando wa pulasitiki, ndi sopo wosawawa m'maso. A Kamba ankawasambitsa okha, chitseko chotseka, ine ndili panja ndi tawulo kumamva madala akulamula.

"Kumsana, iwe! Ukupukuta ngati galasi la mwini. Khula!"

"Ndikukhula, bambo."

"Ndani anakupatsa laisensi?"

"Munandiphunzitsa ndinu."

"Ndiye ndinalakwitsa."

Madalaivala okhala pa mzere ankaseka chamumtima, ena mpaka misozi. Palibe amene anauzidwa kuti asaulule. Panalibe msonkhano, panalibe lumbiro. Amuna oti amakanganirana malo oimika lole mpaka kugwirana m'makolala, amuna oti sasunga chinsinsi cha akazi awo omwe, anasunga ichi kwa zaka. Inu munachitaya m'mawa umodzi, ndi chala chimodzi, mwina muli ndi kapu ya tiyi kudzanja linalo.

Tsiku la zithunzi lija, nditamaliza, ndinadutsa kuseri kwa shedi. Dzuwa linali litangokwera. A Giya anakhala pa sitepe ya lole, chibwano m'mwamba ngati mwana woyembekezera mankhwala. A Kamba anali atapinda galasi la pambali kuti liyang'ane pansi, madala azidziona, ndipo ankawameta pang'onopang'ono, chala chimodzi chili pansi pa khutu. Pamwamba pa mitu yawo panali dzina la kampani ndi zilembo zofiira zija. Ine zilembozo sindinazione. Ndinaona bambo athu pakhonde la kunyumba, ndi ine ndili ndi lumo, ngakhale palibe amene anandiphunzitsapo kumeta mwamuna. Ndinajambula.

Ndinachitumiza kwa inu chifukwa ndinaganiza kuti pa dziko lonse lapansi ndinu nokha amene mungamve chimene ndinamva. Ndipo ndinatsatiza ndi mawu. Ndinati, "Ichi ndi cha maso anu okha." Kamvereninso, uthengawo ulipo, sindinanong'one.

Inu munachiika pa intaneti. Pansi pake munalemba kuti, "Umu ndi mmene mwana ayenera kusamalira kholo lake. Enafe tiphunzirepo."

Enafe! Achimwene, ndinawerenga mawu amenewo nditaimirira, ndipo ndinayamba ndakhala pansi pa simenti yonyowa. Bambo athu anadwala nthawi yaitali. Munabwera kamodzi. Munakhala pambali pa bedi, munagwira dzanja lawo, munandipatsa foni kuti ndikujambuleni, munati ndibwereze chifukwa choyambacho munatsinzina. Itakwana nthawi yosintha nsalu za pabedi munatuluka kukayankha foni. Sindinanenepo kanthu. Ndinkati muli kutali, muli ndi ntchito, muli ndi banja, mtima wanu ndi wofewa ndipo simupirira fungo. Ndinakukhululukirani musanapepese n'komwe, ndipo mwina pamenepo ndi pamene ndinakulakwirani. Koma kuti mudzatenge kholo la mwini, ndi mwana wa mwini, kuwapachika pa tsamba lanu kuti muphunzitse dziko za kusamalira makolo, chimenecho chinandilowa mpaka m'mafupa.

Anthu anachikonda, monga mukudziwa. Anagawirana, analira, analemba mapemphero. Ena anawerenga dzina la pa chitseko n'kuyamba kulembera kampani kuti dalaivala wanuyu mumukweze pa ntchito, mumupatse mphotho. Anthu abwino, achimwene. Onse abwino ngati inu.

Ine ndinadziwa nkhaniyi ndi chete. Malole ankalowa monga mwa masiku onse, koma matawulo anga sankachoka pa alumali. Ndinaona amuna akuluakulu akusamba m'ndowa kuseri kwa ngolo, madzi ozizira, bafa lotentha lili poteropo. Kenako anabwera a Wailesi, dalaivala amene satseka pakamwa ngakhale akudya. Anaima pakhomo, manja m'thumba, anzawo ali kumbuyo.

"Amayi, tisambe kaye kapena mutijambula kaye? Mutiuze, tidzole mafuta."

Anzawo anaseka kuseka kopanda mano. Ine sindinamve chimene ankatanthauza.

"Bafa lanulo lili ndi kabowo pati? Timve, tiziyang'ana komweko. Ine mbali yanga yabwino ndi yakumanzere."

A Matayala ndi amene anandikokera pambali n'kundionetsa pa foni yawo yosweka galasi. Sanakweze mawu. Anangoti, "Ndinati jambulani agalu, mayi." Munthu amene ndadya naye pa benchi imodzi zaka zonsezi anatenga mbale yake tsiku limenelo n'kukadyera m'shedi.

Dzina langa pano linali chinthu chokhacho chimene ndinamanga ndekha. Dalaivala ankandisiyira chikwama chake, foni yake, mankhwala ake amene safuna kuti anzake awaone, n'kulowa m'bafa osatembenuka. Inu mumatcha ntchito yanga kukolopa. Kukolopa angathe aliyense. Ntchito yanga ndi yoti munthu avule popanda mantha.

A Kamba anabwera patapita masiku. Ndinamva injini yawo isanafike pa geti. Musandifunse kuti ndimaidziwa bwanji pakati pa malole onsewa, ndimangoidziwa. Ndinafuna kuthawira m'chipinda cha sopo, koma ndinangoima pomwepo. Anatsitsa madala, anawakhazika pa benchi, anawapatsa buledi, kenako anabwera kwa ine ndi kutambasula dzanja monga mwa nthawi zonse.

"Tawulo, mayi."

Ndinawapatsa. Sanachoke.

"Anandiitana ku ofesi."

"Ndamva, bambo. Ndilibe mawu."

"Sanandichotse. Ati anthu akuyang'ana, sizingaoneke bwino. Andipatsa chenjezo lomaliza. Aika kamera m'kati, pamwamba pa galasi lakutsogolo, yoyang'ana ine ndi kabedi. Ati nkhaniyi ikangomvekanso pa intaneti, kaya yabwino kaya yoipa, ndisiye makiyi patebulo."

"Nanga madala?"

"Andilola ulendo uno wokha kuti ndikawatule kwinakwake." Anaseka pang'ono. "Kukawatula. Ndi mawu awo amenewo. Ngati simenti."

Ndinafunsa ngati sangasiye ntchito. Anapukusa mutu.

"Ndikasiya, lole imatsala ndi eni ake. Ndikapitiriza, bambo amatsika. Njira zonse ziwiri, bambo atsika. Kusiyana kwake n'koti njira inayo titsika tonse, ndipo mankhwala awo sagulika ndi chikondi."

Ndipo mverani ichi, inu amene mumakhulupirira kuti anthu akaona chinthu chokongola amasintha. Akutuluka mu ofesimo, kabwana kena ka tayi kanawathamangira ndi kufunsa ngati angalole kuti chithunzicho chilowe pa kalendala ya kampani ya chaka cha mawa. Zilembo zofiira, kanati, tidzazidula.

Ndinayembekezera kuti anditukwane. Ndinkafuna anditukwane. Iwo anayang'ana tawulo lili m'manja, n'kunena kuti, "Munajambula bwino, mayi. Sindinkadziwa kuti ndayamba kufanana nawo chonchi."

Alongo awo anakana kulandiranso madala, ndipo sindiwaweruza, amuna awo anali atakonzetsa kale chitseko chija kawiri. A Kamba ankaganiza zokagwada kwa msuweni wina amene sanaonane naye zaka zambiri. Pakamwa panga panatseguka pokha.

"Asiyeni ndi ine."

"Ayi, mayi. Si mlandu woti mulipire."

"Sindikulipira mlandu. Ndinasungapo wina. Ndikudziwa kuti munthu wotere sumutsutsa, umangomupatutsa. Ndikudziwa kumudzutsa osamudzidzimutsa. Ndipo inu mumadutsa pano popita ndi pobwera. Kwa msuweni wanuyo mudzawaona liti?"

Anatembenukira ku benchi kumene kunali bambo awo. Kenako anati madala sadya chinthu chotentha, ndipo ndinadziwa kuti avomera.

Tsopano ndikuuzeni za m'mawa umene lole inachoka, chifukwa ndikufuna muuone, ndipo palibe chithunzi chake.

Tinapangana kuti a Matayala alowe ndi madala m'bafa la kumapeto n'kutsegula madzi mwamphamvu, a Kamba anyamuke madala asakuona. Vuto linali injini. A Wailesi, amene mpaka pano sandipatsa moni bwinobwino, anazungulira bwalo lonse akumenya zitseko za malole. "Lizani injini, anyamata! Nonse! Dizilo si wanu!" Malole onse amene anaima pano analira nthawi imodzi, mpaka malata a mabafa ananjenjemera. Pakati pa phokoso limenelo a Kamba analiza yawo n'kuyamba kukhwekhwereza ngolo kulowera ku geti.

Ine ndinali panja pa chitseko. Ndinamva madala akunena bwinobwino, ngati munthu wopanda matenda alionse, "Imeneyo ndi yathu."

Chitseko chinatseguka. A Matayala, ndi mphamvu zawo zonse zonyamulira matayala, analephera kugwira munthu wa sopo thupi lonse. A Giya anathamanga pa miyala opanda nsapato, tawulo likugwa, akukuwa, "Iwe! Wasiya munthu! Wasiya munthu!" Lole inali itafika pa geti. Ndinaona magetsi ofiira a mabuleki atayaka. A Kamba anawaona pa galasi, galasi lomwe lija. Magetsi anayaka nthawi yaitali. Kenako anazima, ndipo lole inalowa mumsewu.

Madala ndinawapeza pafupi ndi mapampu a dizilo n'kuwakumbatira kumbuyo ndi tawulo. Anandimenya ndi chigongono, mlomo wanga unang'ambika. Sanadziwe kuti ndine ndani. Injini zinazima imodzi imodzi. Amuna onse aja anayang'ana pansi, ena kumwamba, wina anayamba kumenyamenya tayala loti linali bwinobwino. Aliyense anali ndi foni m'thumba, achimwene. Palibe amene anaitulutsa.

Masiku oyamba anali ovuta. Lole iliyonse ikalira ankanyamuka kuithamangira, ndipo pano malole amabwerera m'mbuyo osaona chimene chili pansi. A manijala anandiitana n'kunena kuti ano si malo osungira okalamba, ndipo akangopezeka pa njira ya malole kamodzi kokha, tichoka tonse awiri. Ndinayamba kukolopa diso limodzi lili pa benchi.

Kuseri kwa shedi kunali mutu wa lole yakale imene inagubuduzika kalekale, wopanda matayala, nkhuku zikuikiramo mazira. Tsiku lina masana ndinangoona a Wailesi ndi anzawo aumanga tcheni, akuukokera pansi pa mtengo wa pafupi ndi mabafa. A Matayala anaukhazika pa matayala akutha, anatsukamo, anadzoza girisi pa ndodo ya magiya. Wina anabweretsa katani, wina galasi la pambali. Ndinapita kukathokoza.

"Si zanu izi, amayi," anatero a Wailesi osandiyang'ana. "Ndi za dalaivala mnzathu." Atayenda pang'ono anatembenuka. "Madzi otentha alipo? Ndatopa ndi ndowa."

Musaganize kuti nkhani yathera pabwino, ndikukudziwani, mwayamba kale kuipeka m'mutu mwanu ndi mawu okoma. Masiku ena a Giya amakhala mmenemo m'mawa wonse, akuwongolera, akusintha magiya, akudandaula za madalaivala a masiku ano. Masiku ena amandiitana ndi chala n'kunena motsitsa, "Mayi, lole iyi ndi yakufa. Mukundinamiza." Pamenepo ndimasowa koyang'ana. Aonda. Tulo tawo tabwerera mmene tinalili kale, ta zidutswazidutswa. A Kamba akadutsa amawameta, amawasambitsa, amadya nawo, kenako timayambanso kupeka njira yoti achoke. Sizinapepukepo. Ulendo wathawu madala anawayang'ana nthawi yaitali n'kufunsa, "Bambo, mwamuonako mwana wanga pamsewupo? Ali ndi lole yoyera." A Kamba anayankha kuti amuona, akubwera. Kenako analowa m'bafa, anatsegula madzi, anakhalamo mpaka thanki inazizira. Sindinagogode.

Ndiye mukundimva ndikamati musalembe. Kampaniyo ndikuida kuposa mmene mungaidere inu, koma manyazi amene mukufuna kuipatsa adzawalipira ndi a Kamba. Inu mudzalandira mitima yofiira pa tsamba lanu, iwo adzasiya makiyi patebulo. Ngati dzanja likuyabwa, lembani za mpira.

Palinso china choti mudziwe. Sindikupempha chilolezo, ndikungokudziwitsani. Chipinda cha bambo kunyumba, chimene munakhoma titaika maliro, munati chikhale mmene chinalili kuti ana anu adzaone pamene agogo awo ankagona, ndatsegula. Kiyi muli nayo inu kumeneko, ndiye a Matayala anabwera ndi chitsulo chawo chovulira matayala. Loko sanavute. Munali fumbi ndi akangaude basi, ana anu sakanaphunziramo kanthu. Makatoni anu a mabuku ndaika m'chipinda changa, palibe chimene chatayika. A Giya akugona pa bedi la bambo. Zitsulo za m'mbali zimene ndinaikitsa nthawi ija zikugwirabe ntchito, ndipo jekete la bambo la bulauni likuwakwana ndendende.

Munanena kuti mubwera ndi banja pa tchuthi cha kumapeto kwa chaka. Bwerani ndithu, nyumba ndi yanunso, ndipo ndakusowani, ngakhale polemba mawu amenewa ndaluma mano. Ana adzagona pabalaza. Koma inuyo ndakusungirani ntchito. Masiku amene a Kamba ali kutali, madala amafuna mwamuna wowasambitsa, chifukwa ine amandichitira manyazi, ndipo a Matayala ali ndi ntchito yawo. Ndidzakuonetsani mmene mumayesera madzi ndi chigongono, mmene mumawadzutsira pa mpando osakoka mkono, ndi pamene mumaika chala pometa. Adzakutukwanani. Mwina adzakumenyani. Fungo lilipo, ndipo simudzafa nalo. Palibe amene adzaone, palibe amene adzakuyamikireni. Mukadzatuluka m'bafamo, malaya ali chonyowa, pamenepo tidzakhala pansi ndi kukambirana za bambo athu, ine ndi inu, monga tinayenera kuchitira kalekale.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti iwo sindinawakwiyire. Ana muwapsompsone, ndipo muwauze kuti azakhali awo amagwira ntchito pamalo pamene anthu otopa amasamba. Zimenezo n'zokwanira.

A Giya akuperekanso moni. Andipeza ndikulemba pa kampando kanga, andifunsa kuti ndikulembera ndani. Ndawauza kuti ndi mchimwene wanga, ali kutali kwambiri, anachoka kalekale. Agwedeza mutu ngati munthu womvetsa za maulendo aatali, kenako afunsa, "Wanyamula chiyani?"

Ndawauza kuti ndikufunsani. Ndiye ndafunsa.

Ndine mlongo wanu,
wokwiyabe, koma wanu.